Mafunso ndi mayankho: mkhristu ndi nyengo yasinthayi, za nyanja, mitengo ndi mvula kuno ku Mangochi

Mafunso ali m'munsiwa sindinangowapeka ayi, ndi omwe abale ndi alongo akhala akundifunsa tikaweruka mapemphero, ena pamaliro usiku tikuwotha moto, ena mu minibasi ya ku Monkey Bay, ndipo ena amafunsa atapsa mtima ndithu. Ine ndinakulira mbali ya ku Malombe m'banja la asodzi, pano ndimakhala pa boma ndipo ndimatumikira ngati mkulu wa mpingo, nde nkhani ya nyanja ndi mvula kwa ine ndi nkhani ya nsima ya kwathu. Ndayankha mmene ndimayankhira pamaso, pena motalika pena mwachidule.

Kodi zoti nyengo ikusintha nzoona, kapena ndi nkhani ya mabungwe ofuna kudyerapo ndalama?

Nzoona abale anga. Olo musamvere wa bungwe, kafunseni agogo anu kuti chizimalupsa chinkagwa liti ndipo chimanga ankadzala liti, kenako muyerekeze ndi zaka zapitazi pomwe tikumadzala kawiri katatu mbewu ikupserera m'nthaka, mvula ikati ibwere nkugwa ya mwezi wathunthu m'masiku atatu. Chikuchitika nchoti mafakitale, magalimoto ndi malo opangira magetsi padziko lonse akhala akuotcha malasha, mafuta ndi gasi kwa zaka zoposa 150, ndipo utsi wake uli ndi mpweya wa carbon dioxide umene umatsekereza kutentha kuti kusabwerere kumwamba, mofanana ndi galimoto imene mwaisiya padzuwa la Okutobala mawindo ali otseka. Mafakitale asanayambe mpweya umenewu unali magawo 280 pa miliyoni iliyonse, pano wadutsa 420. Nyanja ya mchere ikatentha imatulutsa nthunzi yambiri, nde namondwe akamabwera amabwera atasenza madzi oopsa.

Tawerengani nokha: madzi osefukira a Januwale 2015, chilala cha 2016, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022 uja anaononga Kapichira tonse nkumagona mumdima, Freddy mu Malichi 2023 yemwe anatenga miyoyo yoposa 1,000, kenako ng'amba ya El Niño mu 2024 mpaka maboma 23 mwa 28 kulengezedwa kuti ali pa ngozi. Anamondwe ndi El Niño analipo kuyambira kale inde, koma pano akupeza dziko litatentha kale, mapiri ali mbee opanda mitengo, nchifukwa chake akumapweteka chonchi.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi chikhristu? Kutchalitchi timapita kukamva za chipulumutso osati za mitengo

Funso ili limachokera kwa anthu okonda Mulungu zenizeni nde sindimalipeputsa. Koma tsegulani Genesis 2:15, ntchito yoyamba imene munthu anapatsidwa uchimo usanalowe nkomwe inali yolima munda wa Edeni ndi kuuyang'anira. Kulima ndi kuyang'anira, zonse ziwiri. Salmo 24 ikuyamba ndi mawu oti dziko lapansi ndi la Yehova pamodzi ndi zonse zili m'menemo, ndipo pa Levitiko 25:23 Mulungu akuwauza Aisiraeli mosabisa kuti dziko ndi lake, iwo ndi alendo chabe.

Kwathu kuno izi sizovuta kumva. Ndi banja liti ku Mangochi limene lilibe m'bale ku Joni? Achimwene anu apita ku Joni, amanga nyumba ya malata, akusiyirani makiyi kuti muzikhalamo ndi kuisamala. Mango a pakhomo mutha kudya, pachitsime mutha kutunga, palibe mlandu. Koma inu muyambe kuzula zitseko nkumasonkhera moto, malata nkumagulitsa limodzi limodzi, tsiku lomwe adzatsike basi ndi zikwama zawo mudzawayang'ana ndi maso ati? Mudzati achimwene ine ndimakukondani, dzina lanu silichoka pakamwa panga? Umu ndi mmene ndimamuonera mkhristu woyimba mwamphamvu Lamulungu koma Lolemba akuyatsa tchire lonse chifukwa cha mbewa zisanu.

Komanso pali lamulo lija loti uzikonda mnzako monga udzikondera iwe mwini. Mnzako ameneyo ndi mayi wa kumunsi kwa mtsinje amene nyumba yake idzagwe chifukwa iwe unalima mpaka m'mphepete mwa madzi, ndi mdzukulu wako yemwe sanabadwe.

Koma Genesis 1:28 ikuti tigonjetse dziko ndi kulamulira nsomba za m'nyanja, vuto lili pati?

Ulamuliro tinapatsidwadi, sindikutsutsa. Koma mfumu imene yagulitsa malo onse mpaka anthu ake nkusowa polima sitimati ikulamulira bwino, timati yadya mudzi. Yesu pa Marko 10 anawauza ophunzira ake kuti wofuna kukhala wamkulu akhale wotumikira, nde ulamuliro wa mkhristu pa nsomba ndi mitengo sungakhale wosiyana ndi umenewo.

Mulungu yemweyo anaika malire. Deuteronomo 22:6-7 akuti ukapeza chisa cha mbalame usatenge make pamodzi ndi ana, make umusiye apite. Deuteronomo 20:19 akuletsa kudula mitengo ya zipatso olo pa nthawi ya nkhondo, tangoganizani, nkhondo ili mkati koma mtengo usaukhudze. Ndipo munda umayenera kupuma chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse. Amene anapereka ulamuliro ndi yemwenso ananena mogwiritsira ntchito wake.

Nsomba anaziika ndi Mulungu, zingathe bwanji?

Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa mawu amenewa ndinakula ndikuwamva pa doko, ndipo ndinaona ndi maso anga akusanduka bodza. Ndili mwana zaka za m'ma 1980 Malombe inali nyanja ya chambo, bwato likafika kumtunda amayi ankachita kusankha, chaching'ono nkumakankhira pambali. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo cha ku Malombe chinali chitagwa ndipo mpaka lero sichinabwerere mwakale, anthu anatsalira kambuzi. Mulungu sanatseke dzanja lake ayi. Makoka ndi nkacha za maso ang'onoang'ono zinachuluka pa nyanja yosazama ngati imene ija, zinkakokolola chilichonse pansi, udzu wa m'madzi momwe ana ansomba amabisala, zisa zomwe chambo chimakumba mumchenga nthawi yoswana, kasawala yemwe, zonse kumtunda.

Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake mkamwa. Tsiku lina bambo anga malemu anandiitana akuwonjola matchera, anatenga chambo chimodzi nkuchitsegula kukamwa ndi chala, munali mazira thoo, achikasu, ena akugwera m'bwato. Anandiyang'ana nkunena kuti mwana wanga apa sitinaphe nsomba imodzi ayi. Nthawi imeneyo lemba la Deuteronomo la mbalame ndi ana ake sindinkalidziwa, koma nditadzaliwerenga ndili mnyamata ndinaona chala cha bambo chija mkamwa mwa chambo.

Lero zafika poti neti ya udzudzu imene mayi woyembekezera walandira kusikelo ikumapezeka itasokereredwa ku ukonde, ikugwira tinsomba tomwe olo maso sitikuoneka bwino, kunyumba mwana akudwala malungo. Timataya kawiri. Ndimakonda kuwakumbutsa asodzi a mumpingo mwathu kuti pa Yohane 21:11 Petro atakokera khoka kumtunda munali nsomba 153 ndipo Baibulo likuchita kunena kuti zinali zazikulu, komanso pa fanizo la khoka pa Mateyu 13 asodzi anakhala pansi nkusankha.

Nde boma likatseka nyanja kumapeto kwa chaka nthawi imene chambo chikuswana, mkhristu asakhale woyamba kupita usiku mozemba. Makomiti a m'madoko aja timati BVC anayambira konkuno ku Malombe mu 1993 chambo chitatha, ndipo momwe muli akhristu ziphuphu zisamalowemo. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima mafumu akhala akutseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo kwa zaka zambirimbiri, ndipo akatsegula asodzi amachoka kutali kuthamangira komweko chifukwa nsomba zimakhalako. Ndikudziwa kuti miyezi yotseka pakhomo pa msodzi pamavuta, maka alovi omwe alibe bwato lawo, apa mpomwe mpingo ndi ma banki m'khonde ayenera kumuthandiza munthu kusunga kangachepe nthawi ya usipa wambiri.

Awa ndi masiku otsiriza, dziko lipsa posachedwa, tivutikirenji kudzala mitengo?

Kuti Ambuye adzabwera ndimakhulupirira ndi mtima wonse. Koma tsiku lake Yesu anati palibe alidziwa, olo angelo. Akhristu a ku Tesalonika ena anasiya ntchito poganiza kuti mawa lomwe kutha, Paulo anawalembera kuti wosafuna kugwira ntchito asadye. Ndipo inu amene mukufunsa funsoli ana anu mukuwalipirira fizi, nyumba mukumanga, foni mukutchaja kuti mawa muimbe, bwanji masiku otsirizawa akumangogwira pa mtengo pokha?

Yeremiya anagula munda ku Anatoti asilikali a Babulo atazinga kale Yerusalemu. Yeremiya yemweyo analembera anthu otengedwa ukapolo kuti mangani nyumba, limani minda, funirani mtendere mzinda umene mukukhalamo. Pa Aroma 8 Paulo akuti chilengedwe chonse chikubuula kudikira kumasulidwa, sakuti chikudikira kutayidwa kudzala. Ndipo pali lemba limene ambiri amalidumpha, Chivumbulutso 11:18, lonena za nthawi yowononga iwo akuwononga dziko. Ngati tikukhulupiriradi kuti mwini munda ali pafupi kubwera, imeneyo nde nthawi yoti atipeze tikusamala munda wake.

Kodi Freddy ndi chilala chija sichinali chilango cha Mulungu pa machimo athu?

Chonde abale tisamale ndi mawu amenewa, maka pamaso pa anamfedwa. Amene anakwiririka ndi matope ku Chilobwe, ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu ambiri anali anthu osauka, ana, amayi, anthu opemphera ngati ife tomwe, omwe anamanga m'mbali mwa phiri chifukwa mpomwe thumba lawo linakwanitsa. Yesu atafunsidwa nkhani yonga yomweyi pa Luka 13 anatchula anthu 18 omwe nsanja ya Siloamu inawagwera nkufunsa kuti kodi mukuganiza anali ochimwa kuposa ena onse, yankho lake linali iyayi. Ndinamva mlaliki wina pa maliro akunena kuti madzi anasankha nyumba za ochimwa, mtima unandiwawa mpaka lero.

Komabe tchimo lilipo pa nkhaniyi, kungoti si lomwe anthu amaloza. Hoseya 4 akuti m'dziko mukachuluka bodza, kuba ndi kupha dziko limalira, nyama ndi mbalame zimafooka, ndi nsomba za m'nyanja zomwe zimachotsedwa. Dyera, chiphuphu cholowetsa lole ya makala pa roadblock, kugawa malo m'phiri, kupanga chuma osaganiza za utsi wake, zimenezi ndi machimo, chowawa nchoti wochita ndi wina wolira ndi wina.

Nde kupempherera mvula nkulakwa?

Ayi ndithu, tipemphere, Eliya anapemphera mvula inagwa, ndipo mu 2024 ifenso tinagwada chimanga chikufota chili m'mawondo. Chimene ndimakana ndi pemphero lothawira ntchito. Yosefe ku Iguputo Mulungu atamuululira za njala ya zaka zisanu ndi ziwiri sanangoitanitsa mapemphero a usiku, anamanga nkhokwe nkusunga limodzi mwa magawo asanu a zokolola zonse. Nde a zanyengo akalengeza pa wailesi kuti mvula ikhala yochepa chaka chino kumvera si kusowa chikhulupiriro, dzalani mbewu yocha msanga, onjezerani chinangwa, mbatata, mapira ndi nandolo, phimbirani nthaka ndi mapesi m'malo mowaotcha, pangani manyowa. Akachenjeza kuti madzi akubwera samukani kumtunda, olo mwera ukamaomba musakankhe bwato mukuti Mulungu alipo. Satana atamuuza Yesu kuti adziponye pansi angelo amuwakha, Yesu anati usamuyese Ambuye Mulungu wako.

Mayi wamasiye amene amaotcha makala kuti adyetse ana, akuchimwa?

Funso ili limandisowetsa tulo kuposa ena onsewa. Mukadzuka m'mamawa nkuima pa msewu wochokera ku Chilipa kapena wotsika ku Namwera mudzaona njinga zitasenza matumba atatu anayi, munthu thukuta kamukamu akukankha, wayenda usiku wonse, ndipo phindu lake silikwana olo thumba limodzi la chimanga. Munthu ameneyo ine sindingamuloze chala ndili pa gome, pomwe thumba lakelo likukathera kukhitchini kwanga. Inde kwathu makala timaphikira, magetsi akazima kulibe kuchitira mwina, ndipo m'Malawi muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Nde ngati pali mlandu tonse tilimo, ogula a m'tauni koposa.

Koma chifundo sichikutanthauza kuti tinamizane. Nkhalango za Phirilongwe ndi Namizimu zikupita, tsanya ndi mitengo ina yachilengedwe imatenga zaka makumimakumi kuti ikule koma imagwa mmawa umodzi, ndipo phiri likayera mvula imakokolola nthaka yonse kupita nayo m'mitsinje mpaka m'nyanja ndi mu Shire, matope omwewo nkukatseka makina a magetsi ku Nkula, magetsi nkuzima, ife nkugulanso makala ena. Mayi wamasiye uja ndi amene adzayambe kuvutika chitsime chikaphwa.

Mpingo usangomuuza kuti siya, umupatse pogwira, kaya mbuzi zopatsirana, kaya ming'oma ya njuchi, kaya mpamba wa kabizinesi. Ogulafe tichepetse, chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa kuyerekeza ndi mafuwa atatu ndipo amayi amaumba okha ndi dothi, amene thumba likulola ayese gasi. Ndipo tisaiwale za ife eni, mauvuni a njerwa zomangira matchalitchi athu adya mitengo ingati? Pa uvuni umodzi wa tchalitchi chathu ndinaona mtengo wa bwemba umene ana ankatolapo zipatso ukulowa m'ng'anjo, tinamanga nyumba ya Mulungu inde koma tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba wosasangalala.

Akuononga mpweya ndi mayiko olemera, ife tilakwa chani?

Apa mukunena zoona ndipo musachite manyazi kunena. Africa yonse imatulutsa mpweya woipawu wosakwana magawo 4 pa 100 alionse, Malawi ndiye kadontho chabe, koma Freddy anafikira ife. Imeneyi ndi nkhani ya chilungamo ndipo aneneri sankakhala chete pa zotere. Zakeyu atalapa sanangoti pepani, anati ndibweza kanayi. Nchifukwa chake pa msonkhano wa mayiko wokambirana za nyengo wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022 mayiko osauka analimbikira mpaka kuvomerezedwa thumba lolipira zoonongeka ndi nyengo, ndipo mipingo iyenera kumakumbutsa kuti malonjezo amenewo akwaniritsidwe komanso ndalama zikabwera zifike kwa amene nyumba inagwa osati kuthera m'ma workshop.

Koma pali nkhani ziwiri apa zomwe timazisakaniza. Kutentha kwa dziko lonse si ife tinayambitsa. Koma neti ya udzudzu m'nyanja sanaponye munthu wa ku America, bango la m'mphepete mwa Shire sanadule munthu wa ku China, majumbo atseka ngalande za pamsika tinataya tokha. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Mukuti kukutentha ndi chilala, nanga bwanji nyanja inasefukira mu 2024 mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo?

Nyanja ya Malawi siidzadza ndi mvula ya ku Mangochi yokha. Madzi ake ambiri amachokera kumpoto ndi ku Tanzania, mitsinje ngati Songwe, Ruhuhu ndi Rukuru, ndipo potulukira ndi pamodzi basi, Shire pano pathu. Nde zimatheka kuno chimanga chikupsa koma kumtunda mvula ikugwa yoopsa, nyanja nkumakwera. Kukwera ndi kutsika si kwachilendo, kuyambira cha m'ma 1915 nyanja inatsika mpaka Shire kusiya kutuluka kwa zaka pafupifupi 20. Chimene chasintha nchoti mvula yasiya kugwa mwa dongosolo, ndipo ife nyanja itaphwera tinaitsatira nkumanga pomwe makolo ankadziwa kuti mpogona madzi. Fanizo la womanga nyumba pamchenga limanena za kumvera mawu a Yesu, koma Yesu anasankha chitsanzo chimenechi chifukwa aliyense ankadziwa zomwe madzi amachita.

Madzi akalowa m'midzi amalowanso m'zimbudzi, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 tonse tikumukumbukira mmene anatipwetekera kuno. Olo nkhani ya chimbudzi ili m'Baibulo, Deuteronomo 23:12-14, kukumba ndi kufotsera chifukwa Mulungu amayenda pakati pa msasa. Doko la anthu mazanamazana lopanda chimbudzi, nyanja yomweyo kumwa, kusamba ndi kutsukira nsomba, mkhristu asazione ngati zabwinobwino.

Kodi mipingo ikuluikulu ikunenapo chani?

Papa Francis mu 2015 analemba kalata yotchedwa Laudato Si' yonena za kusamala dziko ngati mudzi wathu tonse, mfundo yake yaikulu ndi yoti kulira kwa dziko ndi kulira kwa osauka nkumodzi, ndipo olo simuli Mkatolika muli zambiri zoti mutolemo. A Anglican pa zizindikiro zisanu za utumiki wawo chachisanu ndi kuteteza chilengedwe. Mipingo yambiri padziko imasunga nyengo ya chilengedwe kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 4 Okutobala. Kuno kwathu mabungwe a mipingo ngati CADECOM ndi CARD akhala akugwira ntchito za ulimi, mitengo ndi kuthandiza pa ngozi. Si akhristu onse amagwirizana, ena maka ku America amakana zoti anthu ndi amene akutenthetsa dziko ndipo maulaliki awo amatifika pa YouTube ndi WhatsApp, koma iwo chimanga chikapsa amakagula ku shopu, ife timagona ndi njala, nde tiziyesa zomwe tikumva.

Kodi uku sikupembedza chilengedwe?

Ayi. Aroma 1:25 akuletsa kupembedza cholengedwa m'malo mwa Mlengi ndipo pamenepo sitisuntha. Mtengo sitiugwadira, nyanja sitiithirira nsembe. Koma pitani ku Cape Maclear muviike nkhope m'madzi pafupi ndi miyala muone mbuna, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, mpaka UNESCO inaika paki ya kumeneko pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mukatuluka m'madzimo Salmo 104 imabwera yokha pakamwa, ndipo amene mukumutamanda ndi amene anazipanga.

Kuno ambiri ndi Asilamu, tingagwire nawo bwanji ntchito imeneyi?

Mmene timagwirira nawo pamaliro ndi pa chitukuko china chilichonse. Mvula siifunsa kuti munda uwu ndi wa shehe kapena wa abusa, ndipo m'bwato limodzi mumakhala Msilamu ndi mkhristu akukoka chilimira chimodzi. Anzathuwa nawo amaphunzitsa kuti munthu ndi khalifa, woyang'anira dziko m'malo mwa mwini wake. Ine ndaona kuti uthenga wotseka nyanja ukanenedwa Lachisanu kumzikiti nkunenedwanso Loweruka ndi Lamulungu m'matchalitchi, amfumu nkutsindika pabwalo, anthu amamva kusiyana ndi kungomva kwa alangizi okha. Mutu umodzi susenza denga.

Chabwino tamva, pa mpingo pathu tiyambire pati?

Yambirani pa malo a tchalitchi penipeni. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma chonde tisamapange zojambulitsa, mbande 500 tsiku limodzi, zithunzi pa Facebook, pofika Ogasiti palibe olo umodzi wamoyo. Bola mitengo 30 yoti mwana aliyense wa Sande sukulu akhale ndi wake, audziwe, azibwera ndi kabotolo ka madzi. Ndipo njira yosafuna ndalama nkomwe ndi kusamala ziphukira, m'minda mwathu muli zitsa zamoyo zomwe timangozisadza chaka ndi chaka, mukasiya nthambi ziwiri kapena zitatu zamphamvu nkudulira zinazo mtengo umakula msanga chifukwa mizu ilipo kale pansi. Nsangu musamadule, umayoyola masamba nthawi ya dzinja nde suphimba chimanga, umachita kuthira chonde.

Pa misonkhano ya amayi ndi ya achinyamata tichepetse majumbo ndi timabotolo, mapepala apulasitiki opyapyala aja boma linaletsa kale mu 2015, mbuzi zikufa nawo m'mimba ndipo ena akuthera m'nyanja. Tikamamanga tiganizire njerwa za simenti kapena zosaotcha. Abusa ndi akulu ampingo tiilalikire nkhaniyi, osati kamodzi pachaka, ndipo pa thumba la zachifundo pakhale kagawo ka mabanja a alovi miyezi yotseka nyanja.

Tinadzala chaka chatha koma mbuzi za aneba zinadya yonse, titani?

Ifenso zinatichitikira, mizere iwiri ya mbande inatha sabata imodzi anthu atangomasula ziweto pambuyo pokolola. Chaka chotsatira tinayamba ndi kukhala pansi ndi amfumu ndi eni mbuzi, kenako mtengo uliwonse tinautchingira ndi minga za mthethe ndi timitengo tokhoma mozungulira, ena anaika madengu akutha obooka pansi. Dzenje likhale lakuya, pansi muike manyowa, pamwamba muphimbire ndi udzu koma usagunde tsinde kuopa chiswe, phulusa limathandizanso. Dzalani mvula ikangokhazikika osati kudikira Malichi, kuti pofika chilimwe mizu ikhale itatsika. Miyezi yovuta ndi Seputembala mpaka Novembala, apo nde muike ndandanda wothirira, ife tinagawana m'milaga, mlaga uliwonse sabata yake, ndipo madzi otsukira mbale a kunyumba ya abusa onse amathera pa mango awiri ali kuseri kwa khitchini.